Kadzenje m'kabokosi koyera

Ndinakaona Lachitatu, mvula itangokata:
kadzenje pansi pa kabokosi koyera,
pamene panakhala nthuli ya nkhuku
yongotuluka kumene m'chiwaya.
Sikanabooke ayi. Kanangofota
ngati tsaya la munthu wotha mano.
Ndinapisamo chala. Ndinanunkhiza.
Fungo la mafuta anga omwe,
ndi kena kake kumbuyo kwake,
konga patapata woiwalika pambali pa mbaula.

Zaka zisanu ndi zinayi ndikukazinga tchipisi ku Chikanda kuno.
Mbatata ya ku Tsangano ndimaidziwa ndi maso.
Wophunzira amene ndalama zamuthera ndimamudziwanso,
amaima patali, kuwerenga foni yozima.
Koma ichi chokha chinandisowa:
chimene chinali pa kadzenjepo
chinapita kuti?

Ndinafunsa Asiyatu, uja wa magalasi,
wophunzira za mankhwala kumtundaku,
amene amadya pangongole mwezi ukafika pakati.
Anatembenuza kabokosiko, nakayang'anitsitsa,
natchula mayina atatu ataliatali
oti lilime langa silingawasenze.
Anati, Mayi, moto ndi mafuta ndi akuba,
amatapa pang'ono pa chimene akhudza
n'kukabisa m'chakudya.
Ndinati, ndiye tifa?
Anati, sindinatero, zambiri akadafufuzabe,
koma pang'onopang'ono ndi mtolo.
Atatero anagula tchipisi
m'kabokosi konga komweko,
poti nthawi ya kalasi inali itakwana.

Usiku umenewo ndinawerenga, osati ndalama.
Anyamata akabaza a ku Matawale
amene ndawathirira zamoto m'majumbo opyapyala,
jumbo n'kumata ku mbatata ngati khungu lachiwiri.
Che Ndembo, mlonda wa pa golosale,
amene ndimawakulungira m'nyuzipepala
zilembo n'kutsalira pa tchipisi,
tinkaseka, ati akudya nkhani za dzulo.
Ndi Ganizani wanga,
amene amapala makombo ndi chikhadabo
mpaka kabokosi kulira kwii,
kenako n'kunyambita.

Kuholoselo ndinafunsa mnyamata wa pakauntala.
Anakweza mapewa:
tauni yonse ikugula zomwezi, mutenga angati?
Pa katoni panalembedwa zambiri, timalemba tating'ono,
koma panalibe liwu loti likulankhula ndi ine.

Ndinagula mbale zachitsulo zisanu ndi imodzi mumsika waukulu.
Pofika Loweruka zinatsala zinayi.
Madzi otsukira ndi ogula, sopo ndi wogula,
ndipo anthu anga ndi othamanga,
amadya akuyenda, amadya ali panjinga.
Ndinayesa masamba a nthochi owawula pamoto.
Mtsikana wina anajambula, anzake anaseka,
anati, Mayi, tabwera ku maliro akumudzi?
Che Ndembo okha ndiwo anakhala pabenchi,
nadya m'mbale, mosafulumira,
natsuka okha, nati mawa mundisungire yomweyi.

Mvula ikagwa usiku wonse paphiri,
pitani pa mlatho wa Likangala m'mawa.
Mudzaona timabokosi tikuyandama pamzere
ngati abakha opanda mitu.
Chiswe chimatikana. Nthaka imatikana.
Mtsinje umangotipatsira kutsogolo, kwa ena.
Nanga mimba ndiyo yavomera bwanji?

Sindikudziwa. Ine sukulu ndinalekeza sitandade seveni.
Sindingaloze munthu n'kunena kuti uyu wadwala chifukwa cha ine,
sindingalumbirenso kuti palibe.

Kabokosi kaja ndinakasunga pawindo.
Ganizani waikamo zitsekerero za mabotolo,
akuti ndi basi yopita ku Liwonde,
kadzenjeko ndi mpando wa dalaivala.

Tsopano dzuwa lili pamutu, mafuta akuwira,
mzere wafika pa mtengo wa magetsi.
Woyamba watambasula kale ndalama,
akuti, mundiikire zonyamula, Mayi, ndachedwa.
Mbale zinayi zili apa, zowuma, zoyera.
Dzanja langa laima m'malere
pakati pa izo ndi mulu uja.